Boma lisachoke pa malonda, koma lamulo likhale limodzi kwa tonse

Mayi, mwanena kuti mumagula mpunga kwa alimi a ku Bua kuno ku Nkhotakota n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo mwatopa ndi ziphaso, misonkho ya khonsolo ndi kuimitsidwa pa malodibuloko, kotero mukufunsa ngati sikukadakhala bwino boma litangowasiya amalonda kuti azichita zawo. Ambiri amene akuyankhani angothamangira kunyoza boma kapena kuliikira kumbuyo. Ine yankho langa ndi lakuti ayi, boma lisachoke, ngakhale dandaulo lanu n'lomveka ndithu.

Poyamba tikumbukire kuti ntchito imene mukugwirayi ilipo chifukwa lamulo lidasintha. Bungwe la ADMARC lidakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kwa zaka zambiri mbewu zogulitsa za alimi ang'onoang'ono zinkadutsa m'manja mwake pa mtengo umene boma lanena. Mu 1987 ndi pamene amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu kwa alimi, malinga atenge chiphaso. Akuluakulu amene adaona nthawi imeneyo amasimba mbali ziwiri: msika udali wodalirika ndipo sikelo inkadziwika malo ake, koma mlimi adalibe pothawira mtengo ukakhala wotsika. Lero pothawira palipo, koma chitetezo chija chachepa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Taganizani za sikelo, chifukwa inu mumaidziwa bwino kuposa ine. Nyengo yokolola ikafika, m'mbali mwa msewu wa M5 mumadzaza masikelo olendewera pa nthambi za mango, ndipo mlimi amafika ndi thumba pa njinga atayenda mtunda wautali, ana akudikira ndalama ya sukulu kunyumba. Singano ikaima pa makilogalamu 46 pomwe iye akudziwa kuti thumbalo ladzaza 50, sangabwerere nalo, amangoguguda pachifuwa n'kulandira ndalamazo. Ntchito yoyesa masikelo ndi kuikapo chizindikiro ndi ya bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS), lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972. Inu amene sikelo yanu ndi yoona, mdani wanu weniweni si wa MBS amene wabwera kudzaiyesa, koma mnzanu wa pa mtengo winawo amene wapotoza sikelo yake, chifukwa iye angathe kulengeza mtengo wokwera kuposa wanu n'kukulandani alimi onse, pomwe phindu lake akulitenga pa makilogalamu obawo. Boma litachoka, wopambana pa msika angakhale iyeyo, osati inu.

Vuto lathu ndi lakuti malamulo ambiri amathera pa wailesi. Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo umachenjeza kuti wogula motsika adzalandidwa chiphaso. Koma mtengo wolengezedwa umagwira ntchito pokhapokha pakhale wogula amene ali ndi ndalama m'manja tsiku lomwelo, wokonzeka kulipira mtengowo. ADMARC nthawi zambiri imalowa pa msika mochedwa ndi ndalama zochepa, ndipo mu 2022 idafika poimitsa ntchito zake kuti ikonzedwenso. Mlimi amene adatenga ngongole ya katapila m'Januwale, mpunga ukadali wauwisi m'munda, amakhala atagulitsa kale zokolola zake mtengo wa boma usanatuluke n'komwe. Lamulo lotere silipweteka wakuba, limangopereka chifukwa choimitsira galimoto ya munthu wolungama pa msewu.

Kuti muone kuti lamulo lingathe kugwira ntchito, yang'anani kwa anansi athu ku Salima. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse m'nyengo ya mvula, kuyambira cha m'Disembala mpaka cha m'Epulo, ndipo mwambo umenewu udayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumbapo onse, ndipo ikafika nthawi yotsegula pamakhala mwambo umene akuluakulu a nthambi ya boma yoona za nsomba amapitako. Pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa, zida zowononga nsomba n'zoletsedwanso, ndipo wolakwira amapatsidwa chilango kapena kuthamangitsidwa kumene. Asodziwa ndi anthu a bizinesi ngati inu, ndipo miyezi yonseyo amakhala akutaya ndalama, komabe amamvera. Amamvera chifukwa lamulolo limadziwika nthawi isanafike, limagwira mwini maboti ambiri mofanana ndi mwini bwato limodzi, ndipo utaka umene amaupeza akabwerera ndi umboni umene aliyense amauona ndi maso. Tsono yerekezani ndi madoko ena a m'nyanja yomweyi. Lamulo la za usodzi la 1997 lilipo, makomiti a m'madoko alipo, nyengo yoletsa makoka m'Novembala ndi m'Disembala imalengezedwa, koma maneti a udzudzu amene adaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo akukokololabe tiana ta nsomba, ndipo chambo chimene makolo athu ankadya ngati ndiwo wamba lero ndi cha anthu a ndalama. Msodzi akaona kuti mnzake wagwidwa m'mawa n'kumasulidwa madzulo khoka lake lili m'manja, nayenso mawa amalowa m'madzi.

Chinthu china chimene chimapha malonda kuposa msonkho ndi kusintha kwa mwadzidzidzi. M'Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene adagulitsa katundu wake pa ngongole sabata imeneyo adapezeka kuti mpamba wake sungagulenso katundu yemweyo. M'Malichi 2025 boma lidaletsa kulowetsa katundu wina kuchokera kunja, mpunga uli m'gulu lomwelo, ndipo mwezi wotsatira dziko la Tanzania lidabwezera potseka malire ake ku zokolola zathu mpaka maiko awiriwa adakambirana. Kwa inu wogulitsa mpunga wa kilombero ndi faya chiletsocho chingaoneke ngati mwayi, ndipo sindikutsutsa kuti mlimi wathu ayenera kutetezedwa, koma chitetezo chimene chimabwera lero n'kuchoka mawa sichingapangitse munthu kumanga nkhokwe kapena kugula chigayo chopunthira mpunga. Amene amapindula ndi zosintha zotere kawirikawiri ndi iwo amene amamva nkhaniyo isanalengezedwe.

Palinso nkhani ya boma kukhala woweruza komanso wochita nawo malonda. M'maboma athu awiriwa, Nkhotakota ndi Salima, muli mafakitale awiri a shuga, ya Illovo ku Dwangwa ndi ya Salima Sugar imene boma lidaikamo ndalama, koma shuga amasowabe m'magolosale nthawi zina ndipo mtengo wake suonetsa kuti nzimbe zikulimidwa pakhomo pathu. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lidakhazikitsidwa kuti liziyang'anira zinthu ngati zimenezi, ndipo munthu wamba ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko, ngakhale ambiri sitidziwa.

Pa za misonkho ya khonsolo mukunena zoona. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama m'misika, koma mphamvuyo idabwera ndi udindo wosesa, womanga zimbudzi ndi mashedi. Wotolera akamafika m'mamawa uliwonse pomwe zinyalala zaunjikana pafupi ndi pogulitsira nsomba, anthu sangalephere kuona msonkhowo ngati kulanda. Komabe kukana kulipira panokha kumangokuikani m'manja mwa aliyense wovala yunifolomu. Amalonda a mpunga mukadakhala ndi gulu lanu lolembetsedwa, mukadatha kuitana khansala ndi akuluakulu a khonsolo kuti akuuzeni ndalama zimene msika wanu watolera ndi zimene zagwira ntchito, ndipo funso lotere likachokera kwa anthu makumi asanu amene ali ndi malisiti m'manja silinyalanyazidwa msanga.

Tsono langizo langa kwa inu ndi ili. Lembetsani bizinesi yanu ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA, tengani chiphaso chogulira mbewu nyengo isanayambe, ndipo sikelo yanu ikayesedwe. Zimenezi zimadya nthawi ndi ndalama, koma popanda mapepalawa simungagulitse ku sukulu, ku chipatala kapena ku masitolo akuluakulu, ndiponso banki siyingakumvereni. Ngati mukufuna kuyamba kulongedza mpunga m'mapaketi olembedwa dzina lanu, pitani kaye ku MBS musanasindikize mapaketiwo. Pa lodibuloko, wina akakuuzani kuti mwalakwa, mufunseni mwaulemu lamulo limene mwaphwanya, ndipo ndalama iliyonse imene mwalipira ikhale ndi lisiti la boma lokhala ndi nambala ndi tsiku. Akakana kulemba lisiti, lembani nambala ya galimoto yawo, malo ndi nthawi, ndipo mukanene ku Anti-Corruption Bureau kapena kwa mkulu wa polisi wa boma lino.