Jini yalowa mu E. coli, koma puloteni sikuoneka

FUNSO: Ndine mtsikana wophunzira sayansi, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ndaika jini ya munthu mu plasmid (kaDNA kozungulira konyamulira jini) ya pET, ndailowetsa mu bakiteriya wa E. coli BL21(DE3), ndathira IPTG (mankhwala oyambitsa kupanga puloteni), koma pa SDS-PAGE (gel yoonera mapuloteni) puloteni sikuoneka. Anzanga akuti ndichite codon optimization, kutanthauza kusintha kalembedwe ka jini kuti kagwirizane ndi E. coli. Kodi ndiwo mankhwala ake?

YANKHO: Zikomo achemwali. Anzanuwo sanalakwe, komatu musathamangire kugula jini yatsopano musanaone ngati yanuyo yachokera ku cDNA, DNA yokopedwa kuchokera ku mRNA (uthenga wa jini wopangira puloteni). Jini ya munthu imakhala ndi ma intron, zigawo zosalowa mu puloteni zomwe mu cDNA mulibe, ndipo bakiteriya satha kuwadula. Chotsaninso signal peptide, kachigawo kakumayambiriro kolondolera puloteni komwe ipite.

Nkhani ya ma codon, timagulu ta zilembo zitatuzitatu za jini, ili chonchi. Alipo 64: atatu ndi oimitsa, 61 amaimira ma amino acid 20, omwe ndi njerwa zomangira puloteni. Choncho amino acid imodzi imalembedwa m'njira zingapo, ndipo chamoyo chilichonse chili ndi njira zomwe chinazolowera. Munthu amalemba arginine ndi AGA kapena AGG kawirikawiri, pomwe E. coli ali ndi tRNA (yobweretsa amino acid pa codon yake) yochepa kwambiri yowerenga zimenezi. Akandondozana awiri kapena atatu, ribosome, makina omanga puloteni, imaima, puloteni nkutuluka yoduka. Nthawi zina pa AGA pamalowa lysine, zomwe pa gel simungazione. Sinthani kukhala CGT kapena CGC. Teroninso ndi ATA ya isoleucine, CTA ya leucine ndi CCC ya proline.

Pamene ambiri amaphonya ndi pamutu pa jini. Ma codon 10 mpaka 15 oyambirira akachuluka G ndi C, mRNA imadzipinda nkuphimba Shine-Dalgarno, pamalo pomwe ribosome imagwira. Apa sankhani ma codon a A ndi T ngakhale kompyuta itanena zina. Ife timaona kuti kukonza kachigawo aka kumaposa kusalaza jini yonse. Malizani ndi TAA, ndipo onetsetsani kuti ma enzyme odulira DNA, NdeI kapena XhoI, sakudula pakati pa jini yomwe mwasinthayo.

Ngati ndalama zavuta, poti jini yochita kupanga imaitanitsidwa kunja, yesani kaye E. coli wa Rosetta, yemwe ali ndi ma tRNA osowawo.

Komanso, kodi munayang'ana nsenga zotsalira pansi mutaphwanya maselo? Puloteni ikapangidwa mothamanga imaundana nkukhala zibuluma zosasungunuka zotchedwa ma inclusion body. Kulitsani maselo pa 37°C mpaka OD600 (muyeso wa kuchuluka kwa maselo) ifike 0.6, tsitsani pa 18°C, thirani IPTG ya 0.1 mM, agone usiku wonse. Kuno magetsi amatha kuzima, ndiye shaker, makina ogwedeza maselowo, ilumikizeni ku jenereta, chifukwa ikaima maselo amasowa mpweya.

Pali zomwe ma codon sangakonze. E. coli samata shuga pa puloteni, nchifukwa chake erythropoietin, puloteni yofuna shugayo, imapangidwa m'maselo a nyama otchedwa CHO. Insulin safuna shugayo, ndipo insulin yotchedwa Humulin yochokera mu E. coli inavomerezedwa mu 1982. Ngati yanu ili ndi ma disulfide bond (zolumikiza za sulfur zogwirizira puloteni), ipangireni mu E. coli wa SHuffle kapena Origami.