Musadule filimu n'kumata pa pepala

Wina wandilembera imelo. Iye ndi anzake a kukoleji amaliza filimu yaifupi, aphunzitsi akufuna posita, ndiye wondilemberayo akufunsa kuti atenge zithunzi zingati za mufilimumo zoika pa positayo. Mawu akuti "zingati" ndi amene andiutsa mtima.

Ifenso tili pasukulu tinakangana za zomwezi mpaka usiku. Wogwira kamera ankafuna chithunzi cha dzuwa likulowa chomwe anachivutikira. Mtsikana amene anasewera ngati mayi ankafuna nkhope yake ioneke bwino poti makolo ake adzabwera kudzaonera. Amene anatibwereka galimoto nayenso ankati dzina lake lisasowe. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo palibe ankafuna kukhumudwitsa mnzake. Chotulukapo chinali ngati chikwangwani cha msonkhano wa chitsitsimutso: nkhope zili mbwee, diso kusowa poyambira.

Ndinene mosapsatira, kudzaza zithunzi ndi mantha basi. Filimu ili ndi nthawi, mawu ndi nyimbo. Pepala lilibe zonsezo, ndipo wodutsa pakhonde amangoliponyera diso kamodzi. Posita ya filimu ya Jaws ya 1975, yomwe anapenta Roger Kastel, ili ndi zinthu ziwiri zokha: mkazi akusambira pamwamba, shaki ikukwera kuchokera pansi. Nkhani yonse sanaifotokoze, anangokusiyani muli njenjenje.

Ndimakondanso za ku Ghana. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, oyendayenda ndi vidiyo ndi jenereta ankapentetsa maposita pamanja pa matumba a ufa. Opentawo ankakokomeza, mwina n'kuikamo zomwe mufilimumo mulibe, chifukwa ankadziwa kuti ntchito yawo ndi yoti munthu apise m'thumba alowe. Sindikuti nanunso muname, koma ufulu wopanga chithunzi chatsopano muli nawo.

Tsono chitani izi

Sankhani chinthu chimodzi chomwe nkhani yanu yatsamirapo, kaya ndi kalata, chitseko kapena nkhope imodzi, mukachijambulenso ndi kamera itaimirira. Screenshot, chithunzi chongotapa pa sikirini, isiyeni: chithunzi cha timadontho 1920 x 1080 mukachisindikiza pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) chimangokwana masentimita pafupifupi 16 ndi 9, pomwe pepala la posita la A2 ndi masentimita 42 ndi 59.4. Mitundu muisinthe kuchoka ku RGB (ya pa sikirini) kupita ku CMYK (yosindikizira), musiye mamilimita 3 m'mbali odulira. Mayina a gulu lonse apite pansi m'zilembo zing'onozing'ono. Musanalipire kosindikiza, tulutsani kaye pa A4, mumate pakhoma, mubwerere m'mbuyo muone ngati mutu wa filimu ukuwerengeka.