Pulogalamu ija ya malembo ndi wotchi ndi Countdown

Achemwali, mwafunsa dzina la pulogalamu ija yamasana ya ku Britain, yomwe anthu ankapanga mawu wotchi yaikulu ikuyenda, komanso ngati ikadalipo. Imeneyo ndi Countdown, ndipo ikuonetsedwabe pa Channel 4. Ndiyo inali yoyamba kuulutsidwa tsiku lomwe kanemayo anatsegulidwa, pa 2 November 1982.

Kaseweredwe kake sikanasinthe kwenikweni. Wopikisana mmodzi amasankha malembo 9, kenako awiriwo amapatsidwa masekondi 30 kuti apeze liwu lalitali koposa. Pamakhalanso gawo la masamu.

Koma mukamati mukuisowa ndikukumvetsani bwino. Ine ndimasowa nthawi ya Richard Whiteley, yemwe ankatsogolera pulogalamuyi ndipo anamwalira mu 2005. Bambo amene uja sankafulumizitsa munthu, ankacheza ndi aliyense mwansangala, moti ngakhale wogonja ankachoka akumwetulira. Carol Vorderman naye ankathetsa masamu pabolodi ngati akusenda nthochi, ife kunyumba tisanafike ndi pakati pomwe. Anachoka mu 2008, m'malo mwake munalowa Rachel Riley. Susie Dent, mayi wa dikishonale uja, akadalipo. Mukamaonera muzikhala ndi pepala ndi cholembera, muzipikisana nawo.