Simunazirale ayi, mwatopa

Achemwali amene mwalemba mosadzitchula dzina, funso lanu ndinaliwerenga dzulo usiku ndipo ndagona nalo m'mutu. Mwati muli ku chitengwa cha ku Bembeke, apongozi anu aakazi anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo owasambitsa, owadyetsa ndi owachapira ndinu nokha. Kutchalitchi mwatha miyezi 7 osapondako. Amayi anzanu ayamba kunong'ona kuti mwazirala, ndipo inunso mwayamba kuvomereza mumtima, chifukwa masiku ena mumawakalipira agogowo kenako n'kukalirira kuseri kwa nkhokwe. Ndiye mukufunsa ngati munthu wotere angadzitchebe Mkhristu.

Ambiri akuyankhani kale kuti limbani mtima, pempherani kwambiri. Sananame. Koma ine mawu amenewo ndinawamva mpaka kundikola, chifukwa nanenso ndinadwazika apongozi anga zaka zinayi kwathu kuno cha ku Lizulu. Ndiloleni ndilembe motalikirapo.

Amene sanadwazikepo matenda otere amaganiza kuti ntchito yake ndi kuphika phala basi. Sadziwa za mwezi wa June kumapiri kuno, munthu kudzuka tambala woyamba, madzi akuluma zala, kuchapa mabulangete awiri amene aipitsidwa usiku, kuyanika, nkhungu n'kukhala tsiku lonse osachoka. Madzulo bulangete likadali lonyowa, uyambe kuliumitsa pa mbaula, nyumba yonse fungo la utsi ndi mkodzo. Anzako akupita kudimba kukathirira kabichi, ako akufota. Ndipo amene ukumuvutikirayo osathokoza. Anga ankati ndawabera ndalama pamutu pa chitenje, ndalama zoti anadya kale zaka khumi zapitazo. Tsiku lina atandilavulira phala kumaso, ndinaponya mbale pansi n'kunena mawu amene sindingawalembe pagulu pano. Ndinali nditangovula yunifolomu ya amayi a mpingo maola awiri apitawo. Choncho mukamati mumakalipa, sindikudzidzimuka. Pepesani kwa Mulungu, pepesaninso kwa agogowo ngakhale aoneke ngati sakumva, kenako tenthetsani phala lina. Petro anakana Ambuye katatu usiku umodzi koma anapatsidwabe nkhosa kuti aziwete.

Chimene chinandidzutsa ine ndi buku la Rute. Ndinaliwerenga kambirimbiri ndili mtsikana, ndikumaliona ngati nkhani ya ukwati wa Boazi. Ndikudwazika ndi pamene ndinazindikira kuti ndi nkhani ya ife, mkazi wobwera amene watsala ndi apongozi ake. Taonani pa Rute 1:20-21. Naomi wafika ku Betelehemu, akuuza amayi a m'mudzimo kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa anachoka wodzala ndipo wabwerera wopanda kanthu. Wopanda kanthu! Pamene akunena zimenezo Rute ali chiimire pambali pake, mtsikana amene wasiya kwawo ku Moabu, abale ake ndi milungu ya kwawo chifukwa cha iye. Sanamuwerengere n'komwe. Kodi si zomwezo zimene mukukumana nazo? Koma Rute analawirira kumunda kukakunkha barele, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupuntha, kusenza, mpaka mkute wa chakudya chake chamasana anasungira apongozi. Machaputala onse anayi mulibe pamene pakuoneka Rute ali kumalo opembedzerako. Tikumuona kumunda, padwale ndi kunyumba. Komatu ndi yemweyu amene amayi a ku Betelehemu pamapeto pake anati aposa ana aamuna asanu ndi awiri, ndipo Mateyu 1:5 anamulemba pa mzere wa makolo a Yesu.

Mwalembanso kuti chikondi chinatha mumtima, mwangotsala ndi kukakamizika. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono. Ife tinazolowera kuyesa chikondi ndi kutentha kwa mtima, monga zimakhalira kwaya ikaimba bwino misozi n'kulengeza. Koma Paulo pofotokoza chikondi pa 1 Akorinto 13 anayambira pa kuleza mtima. Nanga munthu amaleza mtima pa chinthu chimene chikumukomera? Kuleza kumafunika pamene mkwiyo wafika pakhosi. Anatchulanso kupirira, kusasunga mangawa, kusatsata za iwe mwini. Zonsezi ndi zochita munthu atatopa kale. Usiku wa Mgonero, Yesu anavula malaya ake akunja, anamanga nsalu m'chiuno, anathira madzi m'beseni n'kuyamba kusambitsa mapazi a anthu khumi ndi awiri, pakati pawo pali Yudasi amene ankadziwa bwino zimene wapangana. Beseni limenelo ndi lomwe inu mumanyamula m'mawa uliwonse. Mtima ukhoza kuuma gwa, koma ngati manja akutembenuzabe wodwalayo mosamala kuti asapweteke phewa, chikondicho chilipo, changosamukira m'manjamo.

Pa Mateyu 25 Ambuye akulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, mafunso ake mukuwadziwa: njala, ludzu, usiwa, matenda, ndende, ulendo. Wodwala amene ali m'chipinda mwanumo ali ndi zinayi mwa zimenezi pa thupi limodzi, ndipo mwina tinene zisanu, chifukwa kugona pamphasa chaka chonse osaona kunja ndi ndende ndithu. Ndipo Yesu yemweyo pa Marko 7 anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo ndi Korban, chopereka kwa Mulungu, pofuna kuzemba kusamala makolo awo. Ngakhale ali pamtanda, mpweya ukutha, anapeza nthawi yokonza za kumene amayi ake akakhale.

Ndaona mkulu wina wakuyankhani ndi nkhani ya Marita ndi Mariya, kuti Mariya ndiye anasankha dera labwino. Bambo, mwaulemu ndithu, vesi limenelo mwaliika pabala. Marita ankatekeseka ndi zophikira alendo amoyo, amene akanatha kudikira. Munthu wofa ziwalo amene wadziipitsira sangadikire kuti ulaliki uthe. Komanso musaiwale kuti pa Yohane 11:27 amene ananena poyera kuti Yesu ndiye Khristu, Mwana wa Mulungu, ndi Marita yemweyo wa kukhitchiniyo.

Tsono za amayi anzanu onong'onawo. Sindiwaweruza kwambiri chifukwa nanenso ndisanadwazike ndinali m'gulu lowerenga amene sanabwere. Koma tinene zoona, ife Akhristu a kuno timadziwa maliro kuposa matenda. Munthu adwale zaka ziwiri, obwera ndi owerengeka, ndipo amakhala mphindi khumi, nyimbo imodzi, pemphero, n'kutsanzika. Tsiku limene watsirizika, taonani nkhuni, ufa, nyemba, makwaya atatu kuchezera usiku wonse. Nkhuni zimenezo zikanabwera iye ali moyo bwenzi akusamba madzi ofunda. Chikhristu chitafika m'dera lathu lino, ku Nzama mu 1901, ku Mua ndi ku Mlanda mu 1902, anthu sanakopeke ndi ulaliki wokha. Ku Mua kunali malo osamalirako odwala khate, anthu amene abale awo enieni ankaopa kudya nawo mbale imodzi. Agogo anga ankati iwo za katekisimu anazimvetsa mochedwa, koma za munthu wotsuka bala la mlendo anazimvetsa tsiku lomwelo. Ndipo magulu athu a amayiwa, kaya ndi Chigwirizano, Mvano, Dorika kapena amayi a m'miphakati, ntchito yoyendera odwala ndi imodzi mwa mizati yake. Dorika weniweniyo wa ku Yopa atamwalira, amasiye sanaonetse Petro kaundula wa masiku amene anasonkhana. Anamuonetsa malaya amene anawasokera.

Choncho musadikire kuti azindikire okha. Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo. Tumani mwana kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, kapena kwa atsogoleri a mphakati ngati ndinu a Katolika, kuti mapemphero a pakati pa sabata adzachitikire pakhomo panu, komanso kuti abusa kapena bambo mfumu adzawapatse agogowo Mgonero kapena Ukalistia kunyumba. Zimenezi n'zololedwa, si kupempha chachilendo. Ndipo amayiwo akadzabwera n'kufunsa kuti tikuthandizeni chiyani, chonde musayankhe kuti "aa, tingoyamika mwabwera." Ine ulemu umenewo unandipweteka chaka chathunthu. Nenani kuti ndikufuna mitolo iwiri ya nkhuni, ndikufuna wina adzakhale nawo Lamulungu loyamba la mwezi kuti nanenso ndikapemphere. Mpingo woyamba ku Yerusalemu unasankha amuna asanu ndi awiri oyang'anira chakudya chifukwa choti ena anadandaula mokweza kuti amasiye awo akuiwalidwa. Akanakhala chete, Machitidwe 6 sakanalembedwa.

Apa ndikutsutsaniko pang'ono, musakwiye. Mwalemba kuti "ndi mtanda wanga, ndiusenza ndekha." Ayi achemwali. Mtanda weniweniwo Simoni wa ku Kurene anathandiza kusenza. Agogowa anabereka ana. Bambo a kunyumba kwanu ali kuti? Kusambitsa amayi awo mwambo suwalola, tikudziwa, koma kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kuwanyamula kuti akaothere dzuwa, kugula sopo ndi matewera, palibe mwambo woletsa. Nanga alamu anu aakazi? Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amayembekezeka kudwazika mayi ake, inu mwangolowa m'malo chifukwa muli pafupi. Musalimbane nawo nokha, apawo ndi mizu ya kachere, mudzapezeka woipa ndinu. Pitani kwa mwini mbumba, atsibweni a amuna anu, muwapemphe aitanitse banja lonse. Pamenepo mugawane: uyu sabata yakuti, wa ku Lilongwe kapena ku Joni amene sangabwere azitumiza ndalama pa foni tsiku lodziwika, osati akakumbukira. Ine ndinachedwa kuchita zimenezi poopa kuti anena kuti mkazi wobwera watopa ndi mayi wathu. Ananenadi. Koma patatha mwezi mlamu wanga wina anayamba kubwera Loweruka lililonse, ndipo atachapa yekha kawiri, miseche inatha.

Pang'ono za thupi, poti utumiki umenewu umafunanso nzeru. Muziwatembenuza pafupipafupi, pakangotha maola awiri ngati n'kotheka, ndipo muziyang'ana m'chiuno, kumsana ndi ku zidendene. Pakayamba kusintha mtundu kapena kusupuka, bala layandikira, ndipo mabala ogonera ndi ovuta kupola. Powadyetsa muziwakhazika tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa odwala otere amatsamwa msanga. Mankhwala a BP asadukize ngakhale aoneke kuti ali bwino. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena kuchipatala akuonetseni kawongoledwe ka mkono ndi mwendo wofawo. Dziwaninso kuti sitiroko, nthenda yofetsa ziwalo mbali imodziyi, imavulaza ubongo, nchifukwa chake ena amasintha khalidwe, kulusa, kulira popanda chifukwa, kutukwana munthu amene kale ankamukonda. Anamwino atandifotokozera zimenezi, theka la mkwiyo wanga linachoka, chifukwa ndinadziwa kuti wondinena kubayo ndi matenda. Ndipo adzabwera ena kudzakuuzani kuti anamenyedwa hamala, tipite kwakuti. Anga anali ndi BP zaka zambiri, mankhwala ankamwa akamva mutu wokha. Ndalama ya kwa sing'angayo gulirani matiresi ndi pulasitiki yoyala pamwamba.

Za kupemphera, musadzizunze kuti simuthanso kugwada nthawi yaitali. Ine masiku ambiri pemphero langa linali "Ambuye, mundigwire pakamwa," ndikulowa m'chipindamo. Aroma 8:26 akuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi mabuulo osaneneka. Tsegulani wailesi pochapa, Radio Maria kapena Trans World Radio, kaya iliyonse imene imagwira kwanuko. Koma mukapeza wokhala nawo, pitani ndithu kutchalitchi, ngakhale kamodzi pamwezi. Osati kukatseka pakamwa anthu, koma kuti nanunso mukakhale pansi maola awiri wina akukutumikirani.

Apongozi anga chaka chomaliza mawu anatsekeka, ankangoti "eya, eya" pa chilichonse. Koma ndikayamba nyimbo ya m'buku imene ankaikonda ndikuwapaka mafuta kumsana, ankalandira, mawu onse bwinobwino mpaka vesi lachitatu, pamene ine ndinali kusokoneza. Zikomo sananenepo mpaka tsiku lomaliza, ndisakunamizeni. Chimene ankachita n'chakuti wina aliyense akabwera ndi phala ankafumbata pakamwa, kudikira ine. Nthawi imeneyo zinkandikwiyitsa, chifukwa sindinkatha kupita ngakhale kuchigayo.

Matiresi aja ndinapatsa ena, koma mpando wa mabowo umene mmisiri wina anatikhomera, woika chidebe pansi, ukadali m'nyumba muno, pamodzi ndi pulasitiki ziwiri zosang'ambika. Bembeke ndi Lizulu si patali. Ngati mungazifune ndilembereni ku inbox, ndidzapatsira mnyamata amene amapita ndi mbatata ku Dedza boma akutsitsireni pa siteji.