Mwana wanu akufuna ntchito ya m'laibulale

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe wakhoza bwino MSCE, akufuna kukaphunzira za malaibulale ku Mzuzu University, koma bambo ake akuti imeneyo ndi ntchito yongopukuta fumbi pa mabuku. Akufunsa ngati amulole.

Mayi, muloleni. Koma muyambe mwamufotokozera za Jacob Grimm wa ku Germany, yemwe anabadwa mu 1785 ku Hanau. Iyeyu anaphunzira zamalamulo ku Marburg, koma zaka zambiri anadyera ntchito ya m'laibulale mumzinda wa Kassel. Mu 1808 ankayang'anira mabuku a mfumu Jérôme Bonaparte, yomwe inkalamulira deralo panthawiyo, ndipo mu 1816 analowa m'laibulale ya boma ngati wachiwiri kwa mkulu wake.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mabuku akalekale amene ankasungawo ankawawerengadi. M'menemo ndi momwe anafufuza mmene Chijeremani chinasinthira pa zaka mazanamazana, n'kutulutsa buku la galamala mu 1819. Anaona kuti chizolowezi cha Ajeremani cholemba dzina la chinthu chilichonse, kaya nyumba kaya mkate, ndi chilembo chachikulu chinabwera mochedwa, ndipo iye sanachione kuti n'chofunika. Kuyambira mu 1822 anayamba kusindikiza mabuku ake ndi zilembo zing'onozing'ono. Anthu sanamutsatire, mpaka lero Ajeremani amalembabe zilembo zikuluzikuluzo. Koma mtanthauziramawu wa Chijeremani amene anayamba ndi mng'ono wake Wilhelm, womwe gawo lake loyamba linatuluka mu 1854, akatswiri ena anaupitiriza mpaka kuumaliza mu 1961.

Bambo akewo musawatsutse pa zonse. Mu 1829 mkulu wa laibulale ya ku Kassel atamwalira, mpandowo anaupereka kwa munthu wina, Grimm n'kumudumpha ngakhale anali atatumikira zaka zoposa khumi. Anachoka n'kupita ku yunivesite ya Göttingen, komwe anamulandira ngati pulofesa komanso woyang'anira laibulale. Chinamutsegulira khomo kumeneko ndi luso la chilankhulo limene anadzipezera ali pakati pa mabuku aja.

Ndiye mwana wanuyo mumufunse kuti ndi nkhani iti imene amaikonda payekha: chilankhulo, mbiri, zaumoyo, malamulo kapena makompyuta. Ayikulitse imeneyo limodzi ndi digiriyo. Pamene akudikira kupita ku yunivesite, akapemphe kuthandiza nawo ku nthambi ya National Library Service imene ili pafupi ndi kwanu, ngakhale kwa mwezi umodzi, kuti aione ntchitoyo ndi maso ake.