Matimati a mawangamawanga: Dithane sachiza vairasi

Funso: Masamba a matimati anga achita mawangamawanga, kwina obiriwira kwina achikasu, ndipo akukwinyika. Ndapopera Dithane katatu, kenako madzi a nimu, koma matendawa akungotsata mzere. Kodi palibe mankhwala, a zitsamba kapena ogula, owathetsa?

Yankho: Bambo, mwapopera katatu konse musanafunse? Dithane ndi mankhwala a chiwawu, amateteza tsamba kunja kokha. Ndalama mwatayazo zikanakugulirani mbewu yopirira matendawa, mwinanso kawiri.

Kutsata mzereko kwandiuza zambiri. Ameneyu ndi vairasi wa mozayiki, uja amagwiranso fodya. Safalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, n'chifukwa chake nimu sanaphule kanthu. Amayenda ndi manja anu ndi mpeni pochotsa mphukira. Chaka ndi chaka ndimazipeza: mlimi wasuta fodya, osasamba m'manja, walowa mu nazale, pakangopita milungu iwiri kapena itatu mzere wonse wadwala.

Mankhwala a zitsamba alipo, sindikana. Mu 1925 akatswiri awiri, Duggar ndi Armstrong, anapeza kuti madzi a chomera cha pokeweed amalepheretsa vairasi ameneyu kugwira tsamba. Mizu ya duwa lotchedwa Mirabilis jalapa ndi masamba a duwa la Bougainvillea alinso ndi mapuloteni olepheretsa vairasi chimodzimodzi. Koma mumvetse bwino: amathandiza akafika patsamba vairasi asanalowe. Vairasi akakhazikika m'kati amachulukana pogwiritsa ntchito maselo a chomeracho, ndiye kumupha osapweteka matimati n'kovuta zedi. Opangidwa kufakitale ngati ribavirin amagwira ntchito mu labotale poyeretsa mbewu ya mbatata m'timabotolo. Amafooketsa chomera, ngoopsa kwa amayi apakati, ndipo si opopera m'munda.

Ine wanga ndi mkaka basi. Sungunulani magalamu 200 a mkaka waufa wopanda mafuta mu lita imodzi ya madzi. Muziviika mpeni kwa mphindi imodzi, ndi manja omwe, musanagwire chomera china. Mapuloteni a mumkaka amamata vairasi, ndiye vairasiyo amalephera kulowa pachilonda cha chomera. Alimi amene anandimvera pa izi nyengo yapitayi anapulumutsa mizere yotsala.

Matimati odwalawo zulani lero, muwatenthe kutali ndi munda, osawaika pa manyowa chifukwa vairasi ameneyu amakhalitsa m'zinyalala zouma. Pogwira ntchito yambani ndi mizere yabwino, yokayikitsa ikhale yomaliza. Ndipo musasunge mbewu ya m'munda umenewu.