Aphunzitsi akuti ndimachulutsa mawu pa Chingerezi: nditani?

Mtsikana wina wa Fomu 4 wanditumizira imelo. Akuti: "Chimangirizo changa cha Chingerezi chimadzaza masamba atatu, koma malikisi amabwera ochepa. Aphunzitsi amalemba m'mbali kuti ndachulutsa mawu, ndipo pa comprehension (mafunso ochokera pa nkhani yowerenga) akuti ndimangokopera ndime. Mayeso a MSCE ayandikira, ndithandizeni."

Mng'ono wanga, nkhawa yako ndi yomveka, chifukwa MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa munthu amene walakwa Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Koma mavuto awiri watchulawa muzu wake ndi umodzi. Munthu amachulutsa mawu akakhala kuti sanadziwe bwinobwino chimene akufuna kunena, ndipo amakopera ndime yonse akakhala kuti sanamvetse chimene wolemba wanena. Akuyembekeza kuti yankho lili penapake m'katimo, wochonga alipeza yekha. Wochongayo ali ndi mulu wa mapepala patebulo, sangakufufuzire yankho.

Choncho yamba ndi kuwerenga. Tenga nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale yokutira mabuku, upeze tsamba la ndemanga za mkonzi. Ukamaliza ndime iliyonse, phimba ndi dzanja, unene m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi, zimene wolembayo akufuna uvomereze. Ukalephera, usanamizire Chingerezi chovuta ayi, bwerera uwerengenso. Kenako dzifunse kuti ziganizo zinazo zikugwira ntchito yanji: china chikupereka chifukwa, china chitsanzo, china chikungobwereza zomwezo. Timawu ting'onoting'ono timakuuza zimenezi. Ukaona "for example", dziwa kuti zotsatirazo ndi chitsanzo chabe, sizilowa mu summary (kulemba nkhani mwachidule) kapena mu note making (kutola mfundo zikuluzikulu). Ukaona "however", chenjera, wolemba watembenuka, ndipo kawirikawiri maganizo ake enieni ali kutsogoloko. Ophunzira ambiri amatola mfundo imene ili "however" asanabwere, n'kumupatsa wolemba maganizo amene iye akuwatsutsa. Ntchito yonseyi ili ngati kupeta: gaga apite, mphale itsale m'lichero.

Tsopano pa kulemba. Taona chiganizo ichi, cha mtundu umene ana asukulu amaukonda chifukwa chimamveka chaukatswiri: "Due to the fact that the rains came late, many farmers were not in a position to harvest enough maize." Mawu 20. Yerekeza ndi ichi: "Because the rains came late, many farmers harvested little maize." Mawu 10, ndipo palibe chimene chataika. Ntchito imene ankagwira mawu asanu oyambirira aja, "because" waigwira yekha. Komanso chiganizo chikatalika, mpata wolakwitsa galamala umakula. Ambiri amafika kumapeto atayiwala kale ngati mwininkhani anali mmodzi kapena ambiri, mneni n'kusemphana naye.

Pali chizolowezi china chimene sindikuchinyoza. Kwathu kuno munthu woleredwa bwino safikira pa nkhani, amayamba walonjera, kuzungulira pang'ono, mwina kuponyapo mwambi. Pabwalo la amfumu zimenezo ndi ulemu. Pa pepala la mayeso zimadya nthawi. Ndime yoyamba ija yonena kuti "m'chimangirizo chino ndifotokoza zakutizakuti" ichotse, uyambe ndi mfundo yeniyeniyo.

Koma usapitirire muyeso n'kuyamba kulemba ngati uthenga wa pa WhatsApp. Funso likati ufotokoze, mfundo iliyonse imafuna chifukwa chake ndi chitsanzo chimodzi chogwira mtima. Chimodzi, osati zinayi.

Usiku uno tenga chimangirizo chako chakale chimene aphunzitsi anachonga kale, uchilembenso ndi theka la mawu popanda kutaya mfundo. Ukatero upatse mnzako awerenge zonse ziwiri, akuuze ngati pali chimene chasowa. Pa tsiku la mayeso, werenga malangizo a funso lililonse, ndipo pamene atchula chiwerengero cha mawu, usachidutse.